A Daka Atisiya Mailo

"Apa ndiye ine nili pati?" anafunsa a Wilbroad Daka, mphuno yawo itatsala pang'ono kugunda galasi la laputopu.

"Apa, atata, pafupi na sikelo," anayankha Karen Sitali akuloza ndi cholembera.

"Aka kadontho? Mwana wanga, ine nasanduka kanshawa, kanjele ka mtedza?"

Karen anaseka, koma mumtima anavomereza. Zithunzi za pa bulogu ya kopaletivi ya alimi a mtedza ku Kalindawalo zinali ting'onoting'ono ngati masitampa. Ukadinapo, foni inkakutengera kutsamba lina n'kumangozungulira mpaka bandulo kutha, ndipo pobwerera unkapeza nkhani umawerenga ija yasowa. Karen, mlangizi wa zaulimi amene anatumizidwa kuno kuchokera ku Mongu zaka zitatu zapitazo, ndiye ankayendetsa buloguyo. Alimi anadandaulapo kangapo, iye n'kumangoti aona. Koma lero wodandaula anali a Daka, ndipo a Daka sanali munthu woti n'kuwauza kuti uona.

Tsiku limene Karen anatsika basi ku Petauke, osadziwa ngakhale kupempha madzi akumwa m'Chinyanja, anali a Daka amene anamanga sutikesi yake panjinga n'kuyenda naye pansi mpaka kumudzi. Anamupezera nyumba. Anamuphunzitsa chiyankhulo liwu ndi liwu, kwinaku akuyeza matumba a mtedza pa sikelo imene anaigwira zaka makumi awiri ndi ziwiri. Tsopano maso anali atayamba kufooka, akazi awo anamwalira kalekale, ndipo mwana wawo wa ku Kitwe anali atalamula kuti basi, bwerani muzikhala kuno. Lole inali yoti ibwere Lachisanu m'mawa. Tsikuli linali Lachinayi.

A Daka anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Udziwa kuti nili na mlongosi wanga ku Nyalugwe," anatero. "Bernadette."

Karen ankadziwa. Amayi a pakopaletivi anamuuza nkhaniyi kalekale akusenda mtedza. Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, mayi wawo wa a Daka anamwalira mvula ili pakati. Uthenga unapita ku Nyalugwe, koma mitsinje inali itadzaza, ndipo a Daka monga wamkulu analamula kuti maliro aikidwe pa tsiku lachiwiri. A Bernadette anafika m'mawa mwake. Kuchokera pamenepo, pakati pa awiriwa sipanadutse ngakhale moni.

"Mwana wake Jennipher agulitsa vovala va salaula pa msika wa Nyimba, ali na foni ikulu," anapitiriza a Daka. "Nimvela amawelenga ivi vanu. Kapena angamuonetseko mai wake. Sinipempha kuti abwele, iyai. Aone chabe nkhope yanga nikalibe kuyenda. Koma nayenso maso niyaya amene, kadontho aka sazakaona."

Karen anamva chisoni. Munthu amene anamuchitira zonsezi ankapempha kanthu kamodzi kokha, ndipo kanthuko kanali m'manja mwake.

Mnzake wokhala naye nyumba imodzi, Abby Sampa, mphunzitsi wa makompyuta kusekondale, anamuuzapo za pulagini ina yotchedwa laitibokosi, yokulitsa chithunzi ukachidina. Mapulagini ndi tizida tija timene umalumikiza ku bulogu kuti izichita zimene siinkachita. Karen anasunthira tebulo pazenera, pamene netiweki inkagwirako bwino, n'kulowa kuseri kwa bulogu. Analemba dzinalo, anasankha yaulere imene anthu ambiri anaiyamikira, anaiika n'kuiyatsa. Inamufunsa mafunso angapo: mtundu wa kumbuyo kwa chithunzi, ndiponso ngati mawu a pansi pa chithunzi azioneka. Mtunduwo anausiya wakuda monga unabwerera. Pa mawuwo anadina kuti inde.

Kenako anatulutsa a Daka panja kuti awajambule. Iwo anakana kujambulidwa ndi malaya a ntchito. Anapita kaye kunyumba, n'kubwera atavala jekete lakuda la kutchalitchi, atamanga mabatani onse.

"Sekani pang'ono, atata."

"Munthu mkulu saonetsa meno pa chithunzi."

Karen analemba nkhani yaitali yowathokoza: za sikelo yawo yosabera munthu, za njinga, za phwando lotsanzikana limene linali loti lichitike madzulo a tsikulo, za ulendo wa ku Kitwe. Pansi pa chithunzi anafuna mawu ochepa, a Chinyanja chenicheni cha kuno, choti mphunzitsi wake anyadire. Analemba kuti: "A Wilbroad Daka atisiya mailo." Ankatanthauza mawa, monga anthu a kuno amanenera.

"Manje dinani apa," anatero.

A Daka anadina ndi chala chawo chokhakhala. Tsamba lonse linada bii, nkhani yonse inabisika, ndipo pakati pa mdimawo panatulukira nkhope yawo, yaikulu, yodzaza galasi lonse. Imvi zinkaoneka imodziimodzi. Ngakhale chipsera cha pachipumi, chimene ng'ombe yolima inawasiyira ali mnyamata, chinali pomwepo.

"Ndine uyu," anatero a Daka chapansipansi. Anayang'ana nthawi yaitali. "Zikomo, mwana wanga. Mulungu akudalitse."

Karen anatumiza nkhaniyo m'magulu onse a pafoni amene ankawadziwa, a ku Petauke, a ku Minga mpaka a ku Nyimba, mtima uli mbee.

Cha m'ma teni koloko, ali kunyumba kwa a Daka kuthandiza kutulutsa katundu, foni yake inalira. Nambala inali yachilendo.

"Halo? Ndimwe a kopaletivi?" Anali mawu a mayi, akunjenjemera. "Ndine Jennipher, mwana wa a Bernadette. Ni zoona vamene naona? A malume atisiya?"

Mtima wa Karen unadumpha ndi chimwemwe. Chithunzi chafika!

"Ni zoona, mailo," anayankha. "Tonse kuno tili na chisoni maningi."

Pa foniyo panamveka kufwenthera.

"Ali kuti manje?"

"Ali panyumba pawo. Anthu ayamba kusonkhana, katundu tatulutsa panja. Motoka ibwela kuwanyamula m'mawa."

"Mayo ine! Musawanyamule tikalibe kufika, chonde napapata, musa..."

Foni inaduka. Karen anaima kuseri kwa nkhokwe akumwetulira yekha. Anafuna kuthamanga kukawauza a Daka, koma anadzigwira. Nanga akawakweza mtima, alendowo n'kusintha maganizo panjira? Anaganiza zongokhala chete, n'kubwerera kukanyamula mipando akuimba kanyimbo ka kwawo.

Pofika masana panyumba pa a Daka panali patadzaza. Bedi, kabati ndi matebulo zinali panja kudikira lole. Amayi ankaphika kuseri, utsi uli tolo. Abambo anakhala pamabenchi a kutchalitchi pansi pa mtengo wa mango. Aliyense wa pamudzipo ankadziwa kuti ndi phwando lotsanzikana. Koma munthu woyang'anira chakumsewu akanalumbira kuti apa pagwa zovuta.

Cha m'ma fili koloko Abby Sampa anafika pa njinga yamoto, n'kutsika isanaime bwino. Anamukokera Karen pambali.

"Karen, wapha munthu."

"Ukamba chani iwe?"

Abby anamuyandikizira foni kumaso. Pansi pa nkhani ija panali mauthenga oposa makumi anayi. "Mzimu wawo uuse mumtendele." "Anali munthu wabwino, sikelo yawo inalibe bodza." "Maliro ni liti?" Ena anangoika tizithunzi ta makandulo ndi timitanda. Onse anali anthu akutali, a ku Nyimba, a ku Chipata, a ku Lusaka.

"Koma ninalemba vonse!" anatero Karen. "Phwando, Kitwe, vonse vili m'nkhani!"

"Ndani awelenga nkhani? Munthu aona chithunzi, adina." Abby anadina. Tsamba linada, nkhope ya a Daka inatulukira, yosaseka, jekete lakuda, mawu anayi aja ali pansi. "Ona na maso ya munthu wa ku Nyimba. Mdima kuzungulila, nkhalamba pakati, pansi ati atisiya mailo. Si mwamene timalengezela malilo pa foni?"

"Mailo ni mawa!"

"Mailo ni mawa, mailo ni dzulo. Atisiya ni kuyenda, atisiya ni kufa. Pakamwa timvela kusiyana chifukwa mau akwela na kutsika. Pa foni mau sakwela, mwana wa ku Mongu."

Karen anakumbukira foni ya m'mawa ija, liwu lililonse limene anayankha, ndipo anakhala pansi pomwepo pa mtondo wogwetsedwa. Kenako anasintha mawu aja n'kulemba kuti a Daka ali moyo, akusamukira ku Kitwe Lachisanu. Anaimbira Jennipher kasanu. Foni inali yozima.

Panalibe kothawira. Anapita pansi pa mango n'kugwada pafupi ndi mpando wa a Daka. Asanatsegule pakamwa, Abby anali atayamba kale. Iye pokhala Mbemba, ndipo a Daka munthu wa kum'mawa, anali ndi ufulu wa chimbuya woseka nawo ngakhale pamaliro penipeni.

"A Daka, mumafa bwanji osatiuza ise ambuya anu? Mbuzi yathu ya pamalilo ili kuti?"

Nkhani itamveka, mabenchi onse anafa nacho chiseko. A Daka anaseka mpaka kutsokomola, n'kupempha kuti awawerengere mauthengawo kuti amve amene amawakonda ndi amene angoika kandulo basi. Koma Karen sanaseke. Anawauza za foni ya Jennipher, ndi zimene iye anayankha.

Chiseko chinathera pomwepo. A Daka anayang'ana kumsewu.

"Ndiye kuti ali m'njila," anatero. "Abwela kulila mtembo."

"Atata, nikhululukileni."

"Sunachite dala." Anapukuta maso ndi mpango. "Koma Bernadette azakamba kuti nachita dala ndine. Azaona kuti nam'tchela msampha. Azabwelela pamene apo, ndipo ulendo uno sazacheukanso."

Sanamukalipire, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka kwambiri Karen. Anafuna kuwapatsa mphatso, m'malo mwake anali atawatsekera kakhomo komaliza kamene kanatsala. Anakhala chogwada, manyazi ndi mantha zitamugwira pamodzi.

Dzuwa litapendeka, kumsewu kunaima minibasi. Kenako kunamveka kulira, kuja kumene mkazi amakuyamba akaona denga la nyumba ya maliro. Mayi wamfupi, wa imvi zotuluka m'mphepete mwa duku, ankabwera akudzandira, chitenje atamanga m'chiuno. Pambali pake panali mayi wachitsikana, kathumba ka ufa kali pamutu, akumugwira mkono. Anali a Bernadette ndi Jennipher.

"Alongosi anga ine! Mwanisiyila ndani ine? Nenze kukamba kuti nizabwela, nenze kukamba kuti nizabwela, alongosi anga ine!"

Palibe amene anadziwa chochita. Amayi ena kuseri anayamba kulira nawo, poti kulira kotere sikumvereka ndi maso ouma. A Daka anadzuka pang'onopang'ono, n'kuyenda mpaka pakati pa bwalo.

"Bernadette."

Kathumba ka ufa kanagwa. Jennipher anakuwa n'kubwerera m'mbuyo. A Bernadette anangoti khuu pansi, pakamwa pali yasa, misozi ikadali kutsika. Anayang'ana mlongo wawo kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Anayang'ana mabenchi, miphika, anthu ovala zaphwando. Nkhope yawo inasintha.

"Oho," anatero akudzuka, n'kusasa fumbi pachitenje. "Ndiye masewela yake aya. Nasiya nshawa zanga padzuwa, nakwela njinga yamoto, nakwela lole ya makala, nalila kuchoka ku Nyalugwe mpaka kuno, kuti anthu aniseke. Jennipher, tiye."

Anatembenuka. Analunjika kumsewu.

Karen anathamanga, n'kukagwada pakati pa kanjira, kutsogolo kwawo.

"Amai, napapata. Wolakwa ndine, si iwo. Ndine ninalemba mau aja. Ndine ninakamba na a Jennipher pa foni. Ine ndine mlendo kuno, Chinyanja naphunzila chabe. Iwo anapempha chinthu chimodzi, kuti chithunzi chikule, muone nkhope yawo akalibe kuyenda ku Kitwe. Anati sapempha kuti mubwele. Anati muone chabe."

"Ni mau aya amene, amama," anatero Jennipher akupukuta m'maso. "Ni uyu ninakamba naye."

A Bernadette anamuyang'ana Karen.

"Ku Kitwe?"

"Mailo m'mawa." Karen anadziluma lilime. "Mawa. Pa Chisanu. Sabwelanso."

"Leta foni yako."

Karen anapereka, atatsegula pa chithunzi chija. A Bernadette anadina okha, ngati munthu amene wakhala akuchita zimenezi tsiku lonse. Mdima unabwera, nkhope inatulukira. Anaiyandikiza kumaso, kenako anaitsitsa.

"Ichi chithunzi nachiyang'ana pa foni ya Jennipher njila yonse kuchoka ku Nyimba mpaka batili inatha," anatero, mawu atatsika. Sankayankhula ndi Karen kwenikweni, koma sanatembenukenso. "Munthu wamene nenze kukwiyila ine enze na tsitsi yakuda, enze na mau akulu, olamula. Uyu mkulu ninamuona apa sinenze kum'dziwa. Ninam'dziwila pa chipsela. Ninati, Mulungu wanga, nachedwanso kachiwili."

A Daka anali atafika kumbuyo kwawo. Mawondo awo anali ovuta kupinda, koma anawapinda, chipewa chili m'manja, pamaso pa anthu onse amene ankawalemekeza.

"Ninalakwa, mlongosi wanga. Nikanadikila tsiku imodzi. Enze amama ako na iwe."

"Zaka khumi na chimodzi, mau aya munalibe?"

"Ninatuma anthu."

"Anthu si imwe."

"Ni zoona," anatero a Daka. "Nenze kuopa."

Minibasi ina inadutsa kumsewu ikuliza hutala, kondakitala akukuwa za Nyimba. Onse anaimva. A Bernadette sanaiyang'ane.

"Ukani," anatero pomaliza. "Muzadetsa jekete. Na imwe mwayang'ana chani? Kulibe madzi pano yakuti munthu asambe kumaso?"

Bwalo linapuma. Amayi anathamangira beseni, wina anatola ufa uja, Abby anayamba kudandaula mokweza kuti mbuzi yake yapita. Karen anafuna kudzuka kuti azembere kuseri, koma dzanja louma linamugwira paphewa.

"Iwe, dzina ndiwe ndani?"

"Karen, amai."

"Karen, Chinyanja chako ni chakupha anthu. Uleke kulemba weka." A Bernadette anamubwezera foni. "Koma nikuuze zoona. Ukanalemba bwino, kuti asamuka, nikanayang'ana chithunzi, nikanalila pang'ono m'nyumba mwanga, basi. Sinikanabwela. Zikomo, mwana wanga."

Karen analira pomwepo, osabisa, kulira kwa munthu amene watula katundu wolemera. Phwando litayamba anakhala pambali ndi Abby, n'kulowanso kuseri kwa bulogu. Anasintha mtundu wa kumbuyo kwa zithunzi kuchoka pa wakuda kupita pa woyera, ndipo Abby anamulumbiritsa kuti mawu alionse a Chinyanja azidutsa kaye kwa iye. Chapatali, abale awiri aja anakhala pa benchi imodzi. Sankayankhulana zambiri. Nthawi ina a Bernadette anachotsa kaudzu paphewa la jekete lija.

Lole inafika m'mawa kwambiri. Anyamata atayamba kukweza bedi ndi kabati, a Bernadette anatuluka m'nyumba atasamba, atamanga duku loyera. Ananena mawu ochepa kwa mlongo wawo, ndipo iwo anavala chipewa. Anamuitana Karen kuti awaperekeze, awagwire mkono a Daka m'malo a miyala.

Anadutsa m'minda ya mtedza wokumbidwa, a Bernadette ali patsogolo, akuyenda msanga ngati mwini mudzi. Anafika pamsitu wa manda n'kulowa. Patangopita mapazi ochepa kanjira kanagawikana, mitumbira ili uku ndi uku, ina ya simenti, ina ya dothi lokhalokha. A Bernadette anaima. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere.

"Tsiku ija ninabwelela pamsewu," anatero osacheuka. "Sinidziwa pamene amama agona."

A Daka anachotsa mkono wawo m'dzanja la Karen. Anapita kutsogolo, n'kugwira dzanja la mlongo wawo.

"Ni uku," anatero.